Mmene Ndinaperekera Golosale Yanga Osadziwa

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba paukwati uliwonse, ndiye bola ndiikambe ndekha, mwina manyazi angachepeko.

Kutsogolo kwa nyumba yathu ku Area 23 kuli kachipinda komwe kanali golosale. Bizinesi inagwa, mashelefu anatsala. Ine ndinaikamo mpando wandalema ndi wailesi, ndipo Loweruka lililonse ndinkabisalamo n'kumamvera mpira popanda wondituma kumsika. Kachipinda kameneko ndinkakakonda, sindinama.

Tsiku lina titaweruka kutchalitchi, Mayi Nyirenda a komiti ya achinyamata anandiimitsa pageti.

"A Chimwaza, tikufuna kutsegula laibulale ya ana m'dera lathu lino. Komiti yonse yaona kuti popanda inu sizingatheke."

Mtima wanga unangoti myaa! Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga nyuzipepala pakhonde, magalasi ali pamphuno, lero anthu azindikira kuti m'mutu muno muli katundu.

"Mwina tikhale pansi kaye, tikufotokozereni chimene tikupempha," anatero mayiwo.

"No need, amayi! Chilichonse mukufuna kwa ine, tengani. Ndavomera!"

"Osakafunsa kaye kunyumba?"

"Kunyumba mwamuna ndine!"

Sabata imeneyo ndinavuta. Anzanga a pabawo ndinawauza kuti ayambe kuzolowera kunditchula Director. Ndinakameta, ndinabwereka tayi kwa alamu anga ku Kawale, speech n'kumailoweza m'bafa.

Lamulungu lotsatira, pa zolengeza, abusa anati mpingo uthokoze a Chimwaza chifukwa laibulale yatheka, iyamba Loweruka. Azimayi analuluta. M'malo mongogwedeza mutu ngati munthu wanzeru, ine ndinaimirira.

"Abale, zimene ndalonjeza komitiyi sindidzabweza, ngakhale zitavuta bwanji!"

M'manja munawombedwa mpaka abusa anachita kukweza dzanja.

Loweruka m'mawa ndinakhala pakhonde nditatchena suti, kudikira galimoto yodzanditenga. M'malo mwa galimoto ndinaona akabaza atasenza makatoni, achinyamata atanyamula zitini za penti, Mayi Nyirenda ali patsogolo atamanga chitenje chogwirira ntchito.

"Mwatchena bwanji, a Chimwaza! Tipatseni kiyi tiyambepo."

"Kiyi wa chiyani, amayi?"

"Wa golosale. Si munatipatsa? M'dera lonse lino ndinu nokha muli ndi chipinda cha mashelefu kale."

Nthawi yomweyo mkazi wanga anatulukira kiyi ali m'manja, mano onse pamtunda.

"Mayi a Chiko, inu mumadziwa zimenezi?"

"Mayi Nyirenda anandiuza tsiku lomwelo. Koma ndikanalowerera bwanji, abambo a Chiko? Paja kunyumba kuno mwamuna ndinu."

Ndikanakana bwanji, mpingo wonse unandimva? Mpando wanga anautulutsa miyendo ili m'mwamba. Wailesi ndinainyamula ndekha, nditavala suti, aneba akuonerera pampanda. Mmodzi wa anzanga a pabawo anadutsa panjinga n'kukuwa, "Director, mukusamuka?"

Pofika masana mabuku anali m'mashelefu, ana atadzaza pansi mpaka pakhomo. Kamtsikana kena kankawerengera mng'ono wake mokweza, chala chili pamzere. Kunena zoona mtima wanga unasungunuka, golosale ija sinaonepo makasitomala ochuluka chonchi. Komabe ndinafuna kupulumutsako kaulemu pang'ono, ndiye ndinawakokera pambali Mayi Nyirenda.

"Amayi, chipinda mwatenga, zikomo. Nanga udindo wanga ndi wotani?"

Anaganiza kaye, n'kundiyang'ana mwaulemu wonse.

"Udindo ulipo, bambo, waukulu ndithu. Poti pakhomo ndi panu, mwana akafuna kuchimbudzi muzimulozera njira."

Abale anga, akakuuzani kuti popanda inu sizingatheke, khalani pansi mufunse kaye ngati akufuna mutu wanu kapena mashelefu anu.