Purosesa Imene Inakana Kulowa

Kompyuta yanga ili pansi pa tebulo, yofundidwa chitenje ngati maliro. Anaipha ndine, ndipo palibe amene anandituma.

Ndili ndi kashopu kotayipa makalata pa Neno Boma, kuseri kwa msika. Kwa zaka zingapo a Kamwendo, mphunzitsi wa masamu, akaweruka ankadzakhala pabenchi langa kuti tikangane. Mkangano wake unali umodzi basi: purosesa, kachitsulo kaja kamene kali ubongo wa kompyuta. Makampani aakulu opanga timeneti ndi awiri, ndipo amalimbana ngati matimu a mpira. Ine ndinali wa kampani ya chizindikiro cha buluu, iwo wa chofiira. (Tonsefe tinali tisanagwirepo yatsopano m'manja, koma zimenezo sizinkatiletsa.)

Kenako anawasamutsira ku Karonga. Benchi lija linasanduka la nkhuku.

Tsiku lina ndinawerenga pafoni kuti makampani onse awiri atulutsa mapurosesa atsopano, aliwiro loopsa, ndipo afika kale m'mashopu a ku Blantyre. Ndinatembenuka kuti ndiuze munthu. Panalibe. Ndinayesa a Nachisale, amene amagulitsa tomato pafupi nane.

"Mayi, mwamva kuti ofiira awapitirira abuluu?"

"Zandale ine ayi, achimwene," anatero, n'kupitiriza kuunjika tomato wawo.

Kungowaimbira a Kamwendo popanda nkhani kunkandichititsa manyazi. Mwamuna wamkulu anganene bwanji kuti ndakusowani? Ndiye ndinaganiza zogula yofiira ija, ndiiyese ndekha, kenako ndiwaimbire ndi umboni woti njachabechabe. Msuweni wanga anandigulira, n'kuipatsira kondakitala wa minibasi.

Inafika m'kabokosi kokongola. Ndinatseka chitseko, ndinasamba m'manja, ndinatsegula kompyuta n'kuchotsamo yakale ija. Yatsopano inakana kukhala pamalo pake. Ndinaitembenuza. Inakana. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, pakuti purosesa ya kampani ina silowa pabolodi, thabwa la mkati mwa kompyuta, lopangidwira ya kampani inzake. (Ndinkadziwa zimenezi. Ndinkawaphunzitsanso a Kamwendo.) Koma ndinati mwina zamakonozi zimafuna mphamvu pang'ono. Ndinakanikiza ndi chala. Kenako ndi chigwiriro cha supuni.

Kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda chigoba cha nkhono. Timano ta pabolodi tonse tinali titagona ngati chimanga chowombedwa ndi mphepo. Ndinabwezeramo yakale ija mwaulemu, n'kuyatsa. Zii.

Nthawi yomweyo a Nachisale anagogoda. Mwana wawo wamkazi ankafunsira malo kusukulu ya unamwino, ndipo kalata inayenera kupita ndi minibasi ya m'mawa.

"Kompyuta yadwala, mayi."

"Yadwala chiyani? Dzulo inali bwinobwino."

"Ndimaiwonjezera liwiro."

Anasuzumira mkati mwake, anaona supuni, n'kundiyang'ana. Ndinatseka shopu, n'kuyenda nawo mpaka kutchalitchi kukapempha mlembi kuti atibwereke kompyuta yake, yokalamba kuposa yanga. Inatenga nthawi kuti iyake, moti a Nachisale anayamba kuwodzera, koma kalata inatuluka ndipo inapita.

Nditabwerera, ndinawaimbira a Kamwendo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Supuni, eti? Inu amene munkanditcha mbuli?"

Tinacheza mpaka foni inatentha. Za purosesa zinatha msanga. Anandiuza kuti kumeneko kukutentha, chinenero sakuchimva, ndipo akaweruka amangokhala pakhonde okha. Pomaliza anati, "Kodi mpaka muphe kompyuta kuti mundiimbire?"

Ndinayankha kuti ndimangofuna malangizo a bolodi latsopano. Anati chabwino, ndiziimba ndikafuna malangizo.

Bolodi limene anandiuza ndikulidziwa, ndipo likupezeka. Sindinaitanitsebe. Loweruka lililonse ndimawaimbira kuti andifotokozerenso, ndipo iwo, munthu wa masamu amene saiwala kanthu, amayambiranso pachiyambi ngati sitinakambepo.