Mmene ndinagulitsira chifundo cha mwana wanga

Pali Loweruka lina limene kunyumba kwathu ku Springfield sititchula. Ndilitchula pano poti inu simundidziwa.

Mwana wanga Tamanda ndi namwino, koma mtima wake uli pa mahatchi. Akaweruka amathamangira ku khola lina kunja kwa tauni, kukadumphitsa hatchi yobwereka pa mipiringidzo. Kwa zaka zitatu ankakonzekera mpikisano waukulu wa anthu okwera mongokonda. Gulu limeneli lili ndi lamulo: ukalandira malipiro pophunzitsa mnzako kukwera, watuluka. Akuti anandiuzapo (m'Chingerezi, ine ndikuonera mpira).

Kukholako kunkabweranso mayi Zulu a ku Lusaka, akazi a dokotala. Hatchi yawo inkati ikafika pa mpiringidzo n'kuima ngati minibasi yaona wokwera. Tamanda ankawathandiza sabata ndi sabata, ulere. Ine ndinakulira mumsika wa Limbe, ndinanenererapo ngakhale bokosi la maliro. Mawu oti ulere amandidwalitsa.

Ndinawapeza adokotala poimika magalimoto.

“Adokotala, amayi akudumpha tsopano. Mwaona?”

“Taona, a Mbewe. Mwana wanu ni wamtima wabwino maningi. Tizamutengako ku lanchi.”

“Lanchi? Inuyo mukachiritsa munthu amakupatsani lanchi?”

Adokotala anayamba ndi kulonjeza nsapato zokwerera hatchi. Ndinachita ngati ndikupita. Tinathera pa chishalo chatsopano ndi envulopu mwezi ndi mwezi, yodzera kwa ine (ndinkamusungira mwanayo, ndinangogulapo matayala okha). Chishalocho ndinamuuza Tamanda kuti ndagula ndine. Anandikumbatira.

Tsiku la mpikisano ndinavala suti yomwe ndimavala poyendetsa akazembe. Mayi Zulu anayamba ndiwo, ndipo anadumpha zonse osagwetsa. Pambali panga panaima mayi wachizungu wachikulire, kabuku m'manja. Ndinaona msika. Ndinamuuza kuti mphunzitsi wa amayiwo ndi mwana wanga, ndipo ngati akumufuna alankhule ndi ine, ndimutsitsirako.

“Amalipidwa?” anafunsa.

“Mwezi uliwonse, madamu. Ndi chishalo pamwamba.”

Analemba m'kabuku. Ndinati kasitomala wapezeka. Anali woyang'anira malamulo a mpikisano.

Mayiyo anaitanira Tamanda pambali, mwanayo atakwera kale hatchi, kutatsala anthu awiri kuti alowe. Ndinamuona akutsika, akumvetsera, akugwedeza mutu. Kenako adokotala anaitanidwa, nawo n'kuloza ine. Mwana wanga anamasula yekha nambala yomwe inali kumsana kwake n'kubwera.

Sanakalipe. Analankhula Chichewa, chimene amachisungira zinthu zazikulu.

“Adadi, tsiku langa loyamba kuno ndinagwa m'matope anthu onse akuona. Anandidzutsa ndi mayi Zulu okha. N'chifukwa chake ndinkawathandiza.”

Mayi Zulu anali cha uko, akulira, riboni yawo yamphoto ili m'manja. Nawonso sankadziwa kanthu.

Mayi wa kabuku uja anafotokoza mwaulemu kuti nkhaniyi ipita kwa akuluakulu, ndipo Tamanda ayembekezere kudikira chaka chathunthu asanapemphe kubwerera m'gululo. Hatchi yobwereka ya Tamanda ija inali yokalamba. Mwini wake anali atanena kale kuti chaka chimenecho n'chomaliza kudumpha.

Apa munthu wanzeru akanapepesa n'kutseka pakamwa. Ine ndinangomva pakamwa panga pakutseguka pokha.

“Chaka chachuluka, madamu. Bwanji miyezi isanu ndi umodzi?”

“Adadi,” anatero Tamanda, osandiyang'ana, “kakhaleni m'galimoto.”

Ndinakakhala. Iye anabwerera kunyumba pa galimoto ya mayi Zulu.