Mwana wanzeru amene ndinamutulukira mu Fomu 3

Anzanga, nkhani yofufuza ana anzeru zoposa anzawo ine ndimaimva ndi manyazi. Zinandichitikira titangolowa matipate, ndikuphunzitsa pa sekondale ina kumapiri a ku Ntchisi. Aphunzitsi tinali ochepa, moti ine wa jogalafe anandisenzetsanso masamu a Fomu 3. Ahedi anali atatiuza kuti tikhale tcheru, tikaona mwana wa mutu wakuthwa tibwere naye kuofesi, timuthandize mwapadera asakathere m'munda wa fodya.

Lolemba lina ndalemba samu pabolodi, ndayenda nayo mpaka pakati, basi yandikanika. Ndafufuta, ndayambiranso, yankho likutuluka losiyana ndi la m'buku. Pofuna kudzipulumutsa ndinati, "Ndakusiyirani dala, ndani amalize?"

Kumbuyo kunadzuka kamnyamata koonda, kachilendo, kopanda yunifolomu. Masiku amenewo ana ankangotulukira pakati pa teremu, ndiye ndikanadabwa chiyani? Kanatenga choko, kulemba pang'ono chabe, samu yatheka.

"Iwe, dzina lako ndani?"

"Ndine Chimphonda, koma ine kwenikweni..."

"Usachite manyazi, mwana wanga. Unaphunzira kuti zimenezi?"

"Ku Zomba, bambo, ndiye ndimati..."

Kumva Zomba ndinangoti ankakhala kwa amalume ake. Ndinauza kalasi imuombere m'manja, ndinamusisita m'mutu, kenaka ndinamusenzetsa makope onse kuti tipite kwa ahedi. M'njira monse ndikumulangiza za atsikana ndi kachasu, kumulonjeza buluku langa lakale, kumuuza kuti Loweruka ndipalasa njinga kukaonana ndi bambo ake. Ndinafika pomulimbitsa mtima kuti akalimbikira, tsiku lina akhoza kudzakhala mphunzitsi ngati ine. Iye ankangoti, "Zikomo, bambo."

Ndinalowa mu ofesi nditamugwira paphewa. "Ahedi, ndamupeza. Mwana uyu tisamutaye."

Ahedi anayang'ana ine, anayang'ana mnyamatayo, kenaka anaimirira n'kumukokera mpando. Ndinadzifunsa mumtima: Mpando, mwana wasukulu? Kapena ndi mwana wa a MP watsopano uja?

"A Kadzakumanja," anatero ahedi, "diso muli nalo ndithu, koma boma linakutsogolerani. Awa ndi a Chimphonda, angomaliza kumene ku yunivesite ku Zomba. Ndinawatuma akakhale kumbuyo aone pamene mwafika, chifukwa kuyambira mawa masamu anu aja akutenga ndi iwowa."

Ndinafuna kupepesa, pakamwa pangotuluka "iwe", ndakonza kuti "inu", ndabwereranso ku "mwana wanga". A Chimphonda ali chiimire, anangofunsa mwaulemu, "Bambo, makopewa ndiike pati?"

Mawa lake ana atawaona akulowa ndi choko anayambanso kuomba m'manja, ine ndikumvera kuseri kwa khoma.

Kuchokera tsiku limenelo, mlendo aliyense m'kalasi mwanga, kaya achepe thupi bwanji, ndimayamba ndi "inu", manja anga ali m'thumba, ndipo ndimadikira amalize zimene akunena.