Mkodzo Wofiira wa pa Chambe

Nkhani iyi ndi yamanyazi, ndipo ndimainena akazi anga, mayi a Esinati, akapita kumsika ku Nkando, chifukwa akakhalapo amabwezeretsa zimene ine ndadumpha dala.

Ntchito yanga ndi yonyamulira alendo katundu kuchokera pa Likhubula kukwera phiri. Tsiku limenelo ndinali nditawasiya pa Chambe, ndikutsika ndekha masana. Mwadzidzidzi chifunga chinatseka njira. Mbalame zonse zii. Kumbuyo ndinkamva mapazi, ndikaima nawonso aima.

Kenaka pamwala, pakati penipeni pa njira, ndinaona kontena yoyera, yotsekedwa bwinobwino. Munthu panalibe.

Aliyense wokulira kuno amadziwa lamulo lake. Ukapeza chakudya m'phiri, ndiye kuti eniphiri akupatsa. Umadya wekha, osatenga chotsala, osauza munthu. Ukalakwitsa subwerera kwanu. Nditatsegula ndinapeza tizidutswa tozungulira, tofiira ngati chiwindi, tafungo la dothi. Ndinati inde, chakudya cha anthu apansi chingamvekenso fungo lanji? Ndinadya tonse, msuzi ndinamwa, n'kuwomba m'manja katatu.

Nditayandikira kumusi ndinapatuka kukataya madzi. Abale anga, zimene zinatuluka! Zofiira ngati madzi otsukira nyama. Ndinaleka, ndinapemphera, ndinayesanso. Zomwezo.

Kunyumba ndinafikira kugona pamkeka.

"Mayi a Esinati, khalani apa. Ine ulendo wakwana, ndikukodza magazi. Ndisapite ndi katundu mumtima. Tambala wanu uja sanagwidwe ndi vumbwe, tinakazinga ndi achimwene anu."

"Aha."

"Wailesi ija sinabedwe, ili kwa mayi ophika kachasu aja. Ndipo tsiku la maliro a azakhali anu sindinali m'phiri, ndinali kovina tchopa."

"Mwamaliza? Dzukani, mukafere kuchipatala. Mkeka uwu ngwatsopano."

Adokotala anali mayi wamagalasi. Anandipatsa kabotolo, ndinakadzaza, anapita nako kokayeza. Atabwera anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, magazi mulibe umu. Likodzonso mulibe. Pokodza mukumva kuwawa? Nanga msana?"

"Ayi, adokotala. Ndikufa mwaulemu."

Anajambula nyemba ziwiri papepala. "Izi ndi impso zanu. Zimasefa magazi osapuma. Zosafunika zimatsika ndi madzi m'timapaipi tiwiri mpaka m'chikhodzodzo, chikadzadza ndi pamene mumathamangira kutchire. Zakudya zina zimatulukira komweko ndi mtundu wake womwe. Mwadya chiyani lero?"

Apa ndiye panavuta. Ndikanena, phiri linditenga. Ndikapanda kunena, impso zindimaliza. Ndinasuzumira pawindo, phiri lili chiimire, mtambo wakuda pamutu, likudikira yankho langa.

"Palibe chimene ndadya."

"Nanga milomoyo yafiira ndi chiyani? Mumadzola lipisitiki?"

Mayi a Esinati ananditsina pantchafu. "Ayankheni adokotala, bambo a Esinati. Phiri likakusiyani ndikutengani ndine."

Ndinatseka maso n'kufotokoza monong'ona: mwala, kontena, tizidutswa tafungo la dothi. Ndinkadikira kuti denga ligwe. Nditatsegula maso, adokotala anali atavula magalasi, akupukuta misozi ndi kolala.

"Ndi bitiruti imeneyo, bambo, ndiwo zamasamba! Anthu ena imawafiiritsa mkodzo. Imwani madzi ambiri, pofika mkuja udzakhala utayera. Mizimu yake iti yoyenda ndi kontena ya pulasitiki? Mwadya lanchi ya munthu amene anangopatuka kutchire ngati inu nomwe."

Ndinatuluka ndili wamoyo, impso zonse ziwiri zili fiti. Ndinayamba kuimba mluzu. Mayi a Esinati ankayenda patsogolo mpaka tinadutsa munda wonse wa tiyi. Pamenepo anaima, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kutembenuka.

"Popeza simukufa, tiyambire pa tambala."

Eniphiri anandikhululukira tsiku lomwelo, koma kwathu ndinagona pakhonde sabata ziwiri.

Amuna anzanga, musamaulule machimo musanayezetse mkodzo.