Tambala amene ndinamuthawitsa katemera

Mpaka lero ndikamadutsa ku Dzoole ndimatsitsa chipewa kumaso. Bola ndiulule ndekha anthu asanathire mchere wawo.

Yohane, mwana wa mlongo wanga, anapeza mbeta kumeneko, ndipo ine monga malume ndinali nkhoswe. Mukudziwa kuti pachinkhoswe akuchimuna timapereka tambala, akuchikazi n'kutipatsa msoti. Tambala ndinali naye, wofiira, miyendo ngati mipini ya makasu.

Kutatsala mwezi, kwathu ku Mvera kunafika Mayi Nachisale, amene amayenda m'midzi kudontheza katemera wa chitopa m'maso mwa nkhuku. Ndinawafunsa mwaulemu kuti m'kabotolomo muli chiyani.

"Muli kachilombo ka chitopa komweko, bambo, koma kofooka," anatero. "Thupi la nkhuku limalimbana nako mpaka kukadziwa. Chitopa chenicheni chikafika chimapeza thupi lakonzeka kale."

Ine ndinangomvapo mawu awiri: muli chitopa. Ha! Munthu kuyenda ndi matenda m'botolo dzuwa likuswa mtengo, n'kuvomera yekha! (Ndinakumbukanso kuti mlamu wawo amagulitsa anapiye. Nkhuku zathu zikatha apindule ndani? Tsiku limenelo ndinadziona wanzeru zedi, mpaka ndinachenjeza anzanga angapo.)

M'mawa mwake akazi anga anagwira nkhuku zawo zonse. Ine ndinavundikira tambala ndi dengu m'chigafa cha fodya.

"Zatha zonse?" anafunsa Mayi Nachisale.

"Zatha," ndinayankha ine, mkulu wa mpingo wathunthu.

Pomwepo m'chigafa muja: kokoliriko!

"Ameneyo ndi wa aneba," ndinatero. Mayiwo anayang'ana akazi anga, akazi anga n'kuyang'ana kumwamba.

Sindinalekere pomwepo ayi. Poopa kuti nkhuku zodonthezedwazo zimupatsira matenda, ndinam'kweza panjinga kukam'sungitsa kwa mnzanga ku Chezi, kumene nkhuku zake sizinaonepo katemera chibadwire. Patangotha masabata awiri mnzangayo anaimba foni kuti nkhuku zikugwa ngati mango. Ndinakapeza tambala wanga akusinza masana, mapiko ali pansi.

Ndinam'mwetsa tsabola, alovera, madzi a phulusa, osasintha. Ndinameza manyazi n'kupita kwa Mayi Nachisale kuti am'donthezere, ngakhale kawiri diso lililonse.

"Katemera sachiza, bambo," anatero. "Mpanda timamanga mbuzi zisanalowe m'dimba. Kodi si wa aneba uja?"

Tambalayo sanafe (kukanakhala bwino), koma matendawo anam'potola khosi, nkhope n'kumayang'ana kumsana. Ndinazungulira mudzi kufuna wina, koma chitopa chinali chitafikanso kwathu, atambala anali atatha, makamaka kwa anthu amene anamvera malangizo anga. Nkhuku za akazi anga zinali gwa, zikungofukula pabwalo, koma zonse zazikazi.

Tsiku la chinkhoswe ndinam'kulunga m'chitenje ngati khanda, mutu osaoneka, poganiza kuti aziona ife titachoka. Nthawi yosinthana itakwana, nkhoswe ya kuchikazi, bambo wamtali wosaseka, inavundukula chitenjecho anthu onse akuona. Tambala uja, thupi kwa iwo, maso kwa ine. Nthungululu zinadukira pakati.

"Akulu," anatero bamboyo, "mwatibweretsera ukwati kapena chitopa?" Anabweza msoti wawo m'dengu, amayi a mtsikana n'kuyamba kudzuka. Yohane anangozyolika. Ndinamva chisoni chenicheni, chifukwa mwanayo sanalakwe kanthu, ndipo mbeta inali kum'pulumuka chifukwa cha nzeru zanga.

Apo ndiye akazi anga anaimirira ndi dengu limene ndinkaliyesa la ufa. Anatulutsamo tambala wakuda, khosi lowongoka bwinobwino.

"Pepani, abambowa anasokoneza katundu," anatero. Pokhala pansi anandinong'oneza: "Ndinakam'pempha kwa Mayi Nachisale dzulo. Mukawathokoze nokha, ndi pakamwa panu pomwepo."

Chinkhoswe chinatheka, ndipo kuthokoza ndinakathokoza, chipewa kumanja. Masiku ano mayiwo akabwera ndimakhala woyamba pamzere, nkhuku m'khwapa. Koma funso limodzi sanandiyankhebe: anadziwa bwanji kuti chitopa chikubwera? Akazi anga akuti chimabwera chaka ndi chaka kukayamba kutentha, ngakhale mbuzi ikudziwa. Chabwino. Komabe akamadontheza, ine diso limakhala pabotolo.