Pulaneti Imene Inabwera pa Njinga Yamoto

Ndiyambe ndi kunena kuti sayansi yanga inali yolondola. Zinazo n'zimene zinandichititsa manyazi.

Nditakwatira kwa Kabudula, apongozi anga aamuna sanachedwe kuona kuti mkamwini wawo satha kuwongola mzere ngakhale kusoka fodya. Ankandilemekeza ndithu, koma ndi ulemu umene timapatsa mlendo wodwala. Ndinatsimikiza mtima kuwaonetsa kuti ku yunivesite sindinapite kukawothera dzuwa. Choncho ndinalengeza kuti chakumadzulo ndidzaonetsa banja lonse pulaneti ya Venasi, ija timaitcha nthanda ikatuluka m'bandakucha.

Inali nyengo yotentha tchire. Masana a tsikulo alamu anga anapita kosaka mbewa, ndipo ine, pofuna kuoneka wothandiza, ndi amene ndinayatsa moto (mfundo imeneyi ndimaidumpha ndikamasimba nkhaniyi kuntchito). Dzuwa polowa, utsi ndi fumbi zinali zitaphimba mlengalenga.

Tinakwerabe pachulu. Ndinafotokoza modekha kuti nyenyezi zimaphethira chifukwa kuwala kwake kumadutsa mumpweya wosakhazikika, pamene pulaneti, pokhala pafupi ndi ife, imawala mosagwedezeka. Onse anakweza maso. Kumwamba kunalibe kanthu.

"Alamu, kodi yachita manyazi?" anafunsa Yohane, mchimwene wa mkazi wanga.

Pomwepo ndinaona kadontho kofiirira chapansipansi, kosaphethira n'komwe.

"Ndi imeneyo," ndinatero. "Yafiira chifukwa cha utsi."

"Ikukula, eti?" anafunsa apongozi.

"Utsi ukuchepa, bambo, n'chifukwa chake."

"Nanga phokosolo ndi lakenso?"

Venasi wanga anatsika chitunda cha mumsewu wa ku Nsaru, anaima patsinde pa chulu, nazimitsa injini. Anali wakabaza, atanyamula akatekisiti ndi thumba la feteleza. Akatekisitiwo, poona banja lonse litaunjikana chete, anavula chipewa nafunsa ngati kwagwa zovuta. Yohane anakhala pansi ndi kuseka.

Komabe zonse zimene ndinanena za mpweya zinali zoona (za kadontho kaja tisazikumbe). Ndinadikira chizimalupsa. Mvulayo itatsuka mlengalenga ndinawaitananso apongozi, ulendo uno okha. Venasi anali pamalo pake, woyera, wosagwedezeka. Anamuyang'ana nthawi yaitali, manja kumbuyo, ndipo ndinaona kuti agoma.

"Munaphunziradi, akamwini," anatero. "Komabe tiyeni tidikire pang'ono. Mwina ameneyunso wanyamula munthu."