Najere ndi Sitima ya Malasha

Lolemba, 10 koloko m'mawa, nditangoyanika zochapa

Ndakhala pakhonde, kope pamwendo, bolopeni yobwereka. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndiye wofuna zilembo zokongola akafunse kwa aphunzitsi.

Nkhani ndi iyi. Eneles, mwana wanga woyamba, akubwera Lamulungu kudzatenga bambo ake. Ati akakhale kwake ku Area 23, nyumba ya mpanda, geti lokhoma. Ine ati nditsale kuno ku Mgona ndizisunga nyumba ndi nkhuku. Zaka makumi asanu ndi zina pamwamba tikufunda bulangete limodzi, lero andisiye ndi nkhuku!

Mawu ake dzulo: "Amayi, chidwalireni sitiroko bambo sakukudziwaninso. Tsiku lina adzatuluka osabwerera."

Ine ndati amandidziwa.

"Chabwino. Lamulungu ndidzawafunsa kuti awa ndani. Akakutchulani dzina, ngakhale atangoti amake Eneles, ndiwasiya."

Vuto lake: madalawa akunditchula Najere. Ine si Najere. Kwathu kulibe Najere, kwawo kulibe Najere. Ndani ameneyu? Ndikumuganizira kuti ndi wa ku Limbe, woyera, wa mpata m'mano. Akanakhala pafupi tikanakambirana bwinobwino, ine ndi iye ndi mthiko.

Koma mankhwala ndawapeza! A Mkandawire, aneba athu amene amagwira ganyu yotsitsa katundu ku Kanengo, akuti, "Agogo, sabata ino kukubwera sitima ya malasha."

Mtima phaa! Yabwereranso! Madalawa paunyamata anali fayamani, woponya malasha m'ng'anjo ya sitima ndi fosholo. Anandionera pa siteshoni ya Balaka ndikugulitsa nthochi, iwo ali bii ngati mphika wa nyemba, mano okha kuyera. Anandifunsa dzina katatu chifukwa cha phokoso la nthunzi, ine ndikukuwa. Akangomva fungo la utsi uja ndi mluzu uja, dzina langa lidumpha lokha.

Muno sindililemba. Ndikufuna lituluke pakamwa pawo.

Zofunika:
1. wilibala ya a Mkandawire (miyendo ya madala siingafike ku njanji)
2. pilo
3. chipewa chawo cha kuntchito, chili pansi pa sutikesi
4. nthochi
5. Eneles asamve!

Lachiwiri, 4 koloko madzulo

Tapita. Tabwera. Msana wanga watsala ku njanji.

Kukankha mwamuna pa wilibala pakati pa Mgona! Ana pambuyo ngati kwatuluka gule. Mayi wina wa tomato: "Agogo, mukugulitsa bwanji?" Ndamuuza kuti atenge ulere, koma adziwe kuti amadya katatu ndipo sathokoza.

Chifikireni 8 koloko takhala pansi pa mtengo wa kesha. Zimene zadutsa pa njanji:
mbuzi zinayi
mlaliki ndi chimkuzamawu chake
jumbo youluka
mbuzi zomwe zija, pobwerera

Sitima: palibe.

Kale ku Balaka ukaika khutu pa chitsulo umaimva ikadali ku Utale. Ndaika khutu. Ndapsa. Dzuwa la mwezi uno silidziwa nkhalamba.

Madala adya nthochi zonse, agona kukamwa kuli yasa. Podzuka: "Najere, tafika pa Golomoti?"

Najere n'kukwera naye mpaka ku Golomoti! Ine sanandikwezepo ngakhale pa Bilila pomwepa.

Masiku atsala asanu.

Lachitatu, m'mawa

Khutu latupa. Tikupitabe.

Lachitatu lomwelo, 3 koloko

Atigwira.

Mlonda, ndodo m'manja, nsapato zazikulu kuposa nzeru. Akuti wilibala pafupi ndi njanji ndi ya akuba zitsulo.

"Mwabisa chiyani pansi pa chitenjepo?"

Ndati mwamuna. Sakukhulupirira. Wavundukula. Madala amumenyera sawatcha n'kumufunsa ngati thanki ya madzi yadzaza. Mlonda wabweza sawatchayo asanaganize, kenako wachita manyazi, wayamba kukalipa.

Ndamufunsa nthawi ya sitima. "Agogo, sitima ilibe nthawi. Imabwera ikabwera."

Imvani zimenezo! Kale ife ndiye wotchi inali sitima. Ikalira pa mlatho, teleka madzi. Ikaima, nyamula lichero, thamanga. Ikanyamuka, sasa mwaye pa mpango. Zochapa zonse zimada, maso amayabwa, amayi anga amaitukwana tsiku lililonse. Tsiku limene inaleka kubwera, iwo omwewo ndi amene analira. Anabweretsa za dizilo, madalawa ntchito inatha, tinabwera kuno kudzasonkha moto m'fakitale ya fodya. Njanji itafika ku Lilongwe, za utsi zinali zitatha kale.

Ndamufotokozera mlonda zonsezi. Wayasamula kawiri. Watithamangitsa.

Pobwerera tayala la wilibala laphulika pafupi ndi mjigo, pamaso pa azimayi onse. NyaGondwe, mkazi wa a Mkandawire, wangoti, "Wilibalayo inazolowera simenti, agogo." Simenti ikuposa mwamuna wanga chiyani?

Eneles waimba foni. "Muli kuti? Ndikumva mphepo." Ndati pakhonde. Mulungu andikhululukire, ndine wa Mvano.

Lachinayi, 11 koloko

Wilibala yafa. Sitima sikubwera kwa ife, ife sitingapite kwa iyo. Ndiye ndipanga yanga.

Zida:
mbaula
masamba aawisi a mango, kuti utsi uchuluke
ketulo yodzaza madzi
mluzu wa ntchemberembaye, ndabwereka kwa mtsikana wa kuseriku
lichero la nthochi pamutu panga

Madala ndawakhazika pampando, chipewa kumutu, fosholo ya zinyalala m'manja.

Lachinayi, 1 koloko, ndili chinyowere

Utsi unatuluka. Eee, unatuluka! Wadzaza khonde, walowa m'nyumba, wadutsa mpanda. Ine ndikuzungulira mbaula, mluzu pakamwa, kenako kukuwa ngati pa Balaka: "Nthochiii! Nthochi zakupsa!"

Wina kunja wamva "zakupsa" zokhazo.

Mgona yense ndi zidebe! NyaGondwe patsogolo, akukuwa m'Chitumbuka, ndowa yonse khuthu pa ine. Mbaula zii. Nkhuku balala. Bambo wina amene sindimudziwa n'komwe watuluka ndi wailesi yathu ati akuipulumutsa. Ndamulanda.

Madala ali phee pampando, akuyang'ana mbaula. Kenako: "Najere, malasha ako ndi onyowa."

N'kuseka. Kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola. Chidwalireni sanasekepo. Ndaima pamenepo madzi akuchucha m'makutu, sindikudziwa kuti ndilire kapena ndiwamenye ndi lichero.

Koma dzina ayi.

NyaGondwe ali ndi nambala ya Eneles. Ndamupatsa mazira kuti pakamwa pakhale potanganidwa.

Atsala atatu. 

Lachisanu, m'mawa

Ulemu ndausiya. Tibera mayeso.

Ndalemba dzina langa pachikhatho chawo, zilembo zazikulu. Ndati Eneles akafunsa, muyang'ane apa.

Tayeserera. Ndati awa ndani? Ayang'ana dzanja nthawi yaitali, awerenga bwinobwino, chilembo ndi chilembo. Kenako andiyang'ana mwachisoni: "Ameneyu ndani? Wamwalira?"

Ndapita kuseri kwa bafa kukapuma kaye.

Lachisanu, dzuwa litapendeka

Zilembo zikhululukireni.

Cha m'ma 12 ndamva kulira kwakukulu kuchokera ku Kanengo. Pooo! Ndati ndi imeneyo. Ndathamanga kuti ndikaone kaye, madala ndawasiya pampando, ndati musasunthe. Kufika pamsewu: thiraki ya fodya. Thiraki! Dalaivala akuimbira hutala galu.

Kubwerera, mpando uli wokha. Chipewa palibe. Fosholo palibe.

Ndayang'ana kuchimbudzi, kutchalitchi, kumjigo, m'ngalande. M'ngalande ndayang'anamo kawiri. Mawu a Eneles akungolira m'mutu: adzatuluka osabwerera, adzatuluka osabwerera. Ndaitana dzina lawo mpaka mawu kusasa. Ndapemphera pemphero lopanda mutu, ndalonjeza kusiya miseche mwezi wathunthu.

Ndawapeza kuchigayo. Atsatira phokoso. Aima pambali pa makina, thukuta kamukamu, akutapa chimanga cha eni ake ndi fosholo ya zinyalala n'kumaponya m'chigayo. Mwendo wodwala uja waima nji! Wachigayo akuti, "Asiyeni agogo, akuposa anyamata anga." Mwini chimanga sakuseka.

Ayera mbuu ndi ufa. Ndinawapeza ali bii, lero ali mbuu. Dzina lija pachikhatho lafufutika ndi thukuta.

Mgona yense waona. Mazira a NyaGondwe apita pachabe.

Loweruka, 2 koloko masana

Yabwera.

A Mkandawire m'mawa, wefuwefu: "Agogo, yafika! Ikulowa!" Tawakweza madala pa njinga ya a Mkandawire, eni ake akukankha, ine ndagwira malaya kumbuyo, nthochi kukhwapa. Mlonda uja watiwona, wayang'ana kumbali. Mulungu amudalitse, nsapato zake si zazikulu kwenikweni.

Njanji ikunjenjemera. Mtima wanga nawo. Ndawakonzera chipewa madala. Ndayang'ana kumwamba kufuna utsi.

Kumwamba kuli mbee.

Chatulukira chinthu ngati kontena ya pamsika, chikungoti ngrrr. Cha dizilo! Pambuyo pake mabogi, mabogi, mabogi.

Ndati a Mkandawire, nanga utsi? Nanga mluzu? Munati sitima ya malasha!

"Eya agogo. Si awo malasha m'mabogimo? Akupita ku mafakitale."

Sitima YONYAMULA malasha. Osati YODYA malasha. Sabata yathunthu! Khutu langa, msana wanga, wilibala, mazira! Munthu wamkulu, wa ndevu, osadziwa kusiyanitsa chimene uli nacho pamutu ndi chimene chili m'mimba! Iwo akuti anabadwa za utsizo zitatha. Nanga ndi chifukwa changa?

Ndakhala pansi pafumbi. Basi, Eneles wapambana.

Madala ayang'ana mpaka bogi lomaliza. Atola kachidutswa ka malasha kamene kanagwa, akanunkhiza, akaika m'thumba. Kenako akuuza a Mkandawire, mawu ali bwinobwino ngati munthu wosadwala:

"Uyu si Najere. Uyu alibe mpweya. Najere amadzuka ndi ukali. Ukachedwa kum'patsa chakudya amakulalatira anthu akuona. Pachitunda amadandaula njira yonse, ndafa-ndatopa, ndafa-ndatopa. Koma sanandisiyepo panjira."

A Mkandawire: "Najere anali ndani, abambo?"

"Injini yanga." N'kundigwira pamkono. "Si uyu apa."

Miyezi itatu ndikuchitira nsanje chitsulo.

Ndipo ndimalalata ine? Ine? Ndafuna kuwayankha pomwepo. Ndawasendera nthochi.

Lamulungu, titaweruka kutchalitchi

Eneles wabwera ndi galimoto. Akudziwa zonse: wilibala, mlonda, utsi, chigayo. Mgona safuna wailesi.

Wagwada pamaso pa bambo ake. "Bambo, awa ndani?"

"Najere."

Ndayamba kufotokoza za injini. Wamvetsera mpaka kumapeto, maso ali ofiira. "Ndamva, amayi. Koma Lachisanu anasowa."  Mwana akanena zoona amanyansa.

Ndalongedza ndekha: malaya anayi, mankhwala, chipewa, kachidutswa ka malasha kaja. Ndamuuza kuti phala amafuna lamadzimadzi, ndipo asamawafunse mafunso ambiri m'mawa.

Pachitseko cha galimoto madala aima. Eneles akukoka, iwo nji, ngati kuchigayo kuja.

"Fayamani sakwera bogi lopanda injini. Tiyenda bwanji?"

Wanyengerera. Wapempha a Mkandawire athandize. Madala agwira denga la galimoto ndi dzanja labwino lija, sakusuntha. Eneles wayang'ana kumwamba, wapuma kwambiri.

"Amayi, katengeni zovala zanu."

Ndiye ndikupita. Sindinapambane, musaname. Nyumba yanga ndikuitseka. Kumeneko kachipinda n'kamodzi, bedi laling'ono, geti lokhoma, moto wa magetsi, ndipo mkamwini wanga amadya mwakachetechete ngati pamaliro. Njanji kulibe. Miseche ndinalonjeza kale kuisiya, ndipo kumeneko ndikanainena ndi ndani?

Dzina langa silinatuluke. Pano ndikulongedza ndaganiza: ndisanabereke ankangoti iwe wa nthochi, nditabereka ndinakhala amake Eneles. Tsiku lija pa Balaka anafunsa katatu, nthunzi ikuphokosera. Mwina sanalimve n'komwe.

Chabwino. Najere ndi Najere. Bola kudandaula pachitunda kusiyana ndi kutsala pa siteshoni.

Eneles akuliza hutala. Ilire, injini sinyamuka isanatenthe.

NyaGondwe, kopeli ndikulisiya pawindo panu pamodzi ndi makiyi. Nkhuku yamawanga ikuikira kuseri kwa bafa, mazirawo ndi anu, ngakhale simunawagwirire ntchito. Mukawerenga mupatse amuna anu, awerenge mokweza pamene pali malasha. Akamaliza apereke kwa mlonda wa ku njanji uja, nayenso apatse wina. Ndipo wina akadzamva kuti kukubwera sitima yodya malasha, yodya ndithu, ya utsi, atumize mawu ku Area 23. Wilibala tidzaipeza.